Tsekwe Amene Anakana Kumwetulira

M'ufumu wa Zilibwino munthu ankaloledwa kulira maliro masiku awiri basi. Loyamba linali lolira, lachiwiri loika, ndipo lachitatu m'mawa kunkabwera anthu a boma ovala malaya achikasu kudzaona mano a anamfedwa. Wopezeka atatseka pakamwa ankapita naye ku Sukulu ya Kuseka, kumene munthu ankatha miyezi itatu akuphunzira chikhakhali moyang'aniridwa ndi asilikali. Lamuloli analikhazikitsa Amfumu Mlekeni Achiwiri atamva kuti alendo akunja akumafunsa chifukwa chake dziko la dzina lokoma chotere lili ndi maliro pakhomo lililonse. Mankhwala akanatha kuchepetsa malirowo, koma mankhwala amachokera kutali, pamene lamulo limangochokera pakamwa.

Ngakhale masiku awiriwo, maliro ankachitika choimirira, anthu atavala zowala, kuopa kuti akakhala pansi angazolowere. Masamba a pamsewu nawonso analetsedwa. Kale pakagwa zovuta anthu ankathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala mopingasa msewu, kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro, wachipewa avule. Koma tsiku lina mdipiti wa Amfumu unachepetsa liwiro kasanu ndi kawiri pa ulendo wokatsegulira chimbudzi cha padepoti, moti anakafika kwaya itasasa kale mawu. Kuyambira pamenepo nthambi zinakhala m'mitengo, ndipo patapita zaka khumi ndi ziwiri akuluakulu a kunyumba yachifumu anali ataiwaliratu mmene maliro enieni amaonekera.

Lufeyo Nsanjama anaonetsa mano ake pa tsiku lachitatu ngati wina aliyense. Wa malaya achikasu anamuuza kuti akweze pang'ono mbali ya kumanzere, iye n'kukweza. Amene anamwalira anali mlongo wake Elube, mlonda wa Dambo la Chetechete, malo otetezedwa kumene mbalame za m'madzi zinkakhala mwamtendere malinga ndi chikwangwani cha pageti. Elube anadwala malungo sabata imodzi yokha. Lufeyo anasiya koleji ali m'chaka chachiwiri kudzamudwazika ku chipatala cha Pepani, kumene anawapatsa bedi pansi pa chithunzi chatsopano cha Amfumu n'kuwauza kuti mankhwala ali m'njira. Anali m'njira Lolemba, anali m'njira Lachiwiri. Lachitatu Lufeyo anapinda bulangete n'kubwerera nalo yekha.

Kukoleji sanabwererenso. Anatenga zimene mlongo wake anasiya: kamera yakale ya lamba wosokedwa ndi ulusi, magalasi oonera patali, kope lolembamo mbalame, ndi kachisakasa ka bango kobisalamo m'mphepete mwa madzi. Palibe anamulemba ntchito ndipo palibe anamuletsa, chifukwa ku ofesi ya Zachilengedwe Elube anali adakali moyo. Fomu yolembapo imfa inali itathetsedwa.

M'dambomo munali atsekwe awiri amene Elube ankawakonda kuposa mbalame zonse. Wamwamuna anamutcha a Jailosi, wamkazi n'kumangomutcha mayi a kunyumba, ndipo ankawalemba m'kope ngati anthu oyandikana nawo nyumba. "5:50, a Jailosi akalipira ng'ona. Mayi ayang'ana kumbali ngati sakuwadziwa." Tsamba lotsatira: "6:15, adya limodzi. Zadzulo zatha." Atsekwe akakwatirana sasiyana, ndipo awiriwa anali atadzaza makope asanu ndi limodzi ali pabanja.

Patatha miyezi itatu Elube atamwalira, chipewa cha Amfumu chinafuna nthenga zatsopano. Kunabwera asilikali awiri. Lufeyo anawalozera chikwangwani choletsa kuombera, iwo n'kumufotokozera mwaulemu kuti chikwangwanicho chimanena anthu opanda mfuti. Anaombera kamodzi. Mayi a kunyumba anagwera pa kachulu ka pakati pa madzi, ndipo nthenga zawo zitatu zinapita kukagwira ntchito m'boma.

Kuyambira tsiku limenelo a Jailosi ankaima pa kachulu kaja m'mawa uliwonse, khosi litaloza kumwamba, n'kumaitana. Kulira kwa tsekwe si kokoma. Kumamveka ngati chitseko cha malata chimene mphepo ikuchikankha ndipo palibe wodzachitseka. Lufeyo ankakhala m'kachisakasa, kamera ili pamwendo, osajambula. Maso ake anali ouma chiyambire tsiku la mano lija. Ankayesa kulira, koma nkhope inkangokweza mbali ya kumanzere. Choncho ankadzuka m'bandakucha kukamvera a Jailosi, ngati munthu wosadziwa kulemba amene wapeza womulembera kalata.

Zikanapitirira choncho pakanapanda alendo. Amfumu anamva kwa kazembe wina kuti kuli anthu amene amawoloka nyanja zikuluzikulu kudzayang'ana mbalame, n'kubwerera kwawo osadyako ngakhale imodzi. Poyamba anayesa nthabwala. Atatsimikiza kuti anthu oterowo alipodi, ndipo amayenda ndi makamera aatali ngati misi, analamula kuti Dambo la Chetechete litsegulidwe. Dambolo linali lotsegula chilengedwereni, choncho anayamba alitseka ndi riboni kuti pakhale chodula.

Mwambo unachitika Loweruka m'mawa, ukuulutsidwa pa wayilesi m'dziko lonse. Amfumu anaima pansanja atavala chipewa chawo, nalengeza kuti m'Zilibwino ngakhale mbalame zimadzuka zikuthokoza boma. Anapumira kuti anthu aombe m'manja. M'kampata kameneko a Jailosi anaitana. Amfumu anati mbalame za maiko ena zimathawa kwawo chaka ndi chaka kudzapempha malo kuno, zitamva za ulamuliro wabwino, n'kupumiranso. A Jailosi anaitananso, motalika, mawu n'kuthyokera kumapeto. Zinachitika kasanu ndi kanayi, ndipo maikolofoni ya boma, imene inali yatsopano, sinataye kalikonse.

Ku msika wa Tapirira anthu anasiya kutsatsa malonda n'kuunjikana pa wayilesi ya wometa. A Nangondo, mayi wogulitsa tomato amene anaika mwamuna ndi mwana wamkazi m'chaka chimodzi n'kuonetsa mano kawiri konse, anafunsa kuti nduna yatsopanoyo ndi ndani, yoyankhula zomveka chotere. Atauzidwa kuti ndi tsekwe, anati n'chifukwa chake, sanapite kusukulu ameneyo.

Bwalo la nduna linakumana masana omwewo. Funso loyamba linali lakuti kodi mbalame ndi nzika. Woweruza wamkulu anawerenga ndime yonena kuti zonse za pamtunda, za m'madzi ndi za m'mlengalenga ndi za Amfumu, nagamula kuti tsekwe, popeza amayenda, amasambira ndiponso amauluka, ndi nzika katatu. Funso lachiwiri linali la masiku. Anawerengera pa zala za nduna zonse n'kupeza kuti woimbidwa mlanduyo wapyola malire a maliro ndi miyezi isanu. Ena anati apite ku Sukulu ya Kuseka, koma mphunzitsi wamkulu anadandaula kuti alibe desiki yoti tsekwe n'kukhalapo. Pamapeto pake Amfumu anaonetsa chifundo chimene amadziwika nacho. Tsekweyo anapatsidwa mpaka Lachisanu kuti ajambulidwe akumwetulira, Amfumu ali m'chithunzi momwemo, kuti alendo aone. Akakana, Loweruka adzalowa m'chisangalalo cha dziko kudzera kukhitchini.

Ntchitoyi anaipereka kwa a Gwedeza, Nduna ya Zachisangalalo, bambo amene anamwetulira zaka khumi ndi ziwiri mosalekeza moti masaya awo anali atalimba ngati mapewa a wonyamula matumba. A Gwedeza anaitanitsa mlonda wa dambo. Kalata inati Mayi Elube Nsanjama, koma amene analowa mu ofesi anali Lufeyo.

"Bwana, achemwali anga anamwalira. Ine ndine mlongo wawo."

A Gwedeza anayang'ana pepala, n'kuyang'ana Lufeyo, n'kukhulupirira pepala.

"Mayi Nsanjama, za ndevu zanuzo ndi nkhani ya kubanja kwanu. Ife tikufuna chithunzi."

Lufeyo anafotokoza kuti mlomo wa tsekwe ndi wouma ngati nyanga, supindika, ndipo m'kati mwake mulibe dzino loti n'kuonetsa. A Gwedeza anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nawonso poyamba ankaona ngati nkhope yawo singathe.

"Koma taonani," anatero, akudziloza.

Lolemba boma linatumiza bandi ya apolisi. Ng'oma yaikulu itangogunda, dambo lonse linanyamuka: akakowa, abakha, adokowe, avuwo ndi matumba awo a pakhosi, ngakhale nantchengwa amene chisa chake anachimanga miyezi iwiri. Lufeyo anajambula zithunzi makumi atatu za madzi opanda kanthu. Anatsala a Jailosi okha pa kachulu kawo, ndipo bandi ikapuma ankaitana.

Lachiwiri kunabwera wanthabwala wa boma pa bwato. Ananena nthabwala zonse zovomerezeka, zimene zilipo zinayi, opalasa n'kumaseka pamalo oyenera. Lachitatu a Gwedeza anazindikira kuti vuto ndi umbeta. Anabweretsa bakha woweta wa m'khola lachifumu, wonenepa bwino, atam'manga kansalu koyera m'khosi, pamodzi ndi kalata yaukwati yodinda kale. A Jailosi anamuyang'ana mkwatibwiyo kamodzi n'kutembenuka. Bakhayo, amene anali asanaonepo madzi oposa a m'beseni, anachita mantha n'kukwera pamutu pa mlembi wa maukwati, ndipo malinga ndi kalata ija banja lilipobe mpaka lero.

Madzulo ake Lufeyo anapezeka ku msika wa Tapirira. Sankafuna kugula kanthu, miyendo inangomutengera kumene Elube ankagula tomato. Nkhani inali itafika kale. Wometa anati amujambule tsekweyo chadodolido, mwina mlomo ungaoneke ngati wakwera. Wolemba zikwangwani anati iye angathe kuwonjezera mano ndi penti yoyera, monga anachitira pa chithunzi cha ana asukulu chaka cha njala. Lufeyo anati sizingatheke, chifukwa Amfumu adzakhala pomwepo kudzionera okha.

A Nangondo anamuikira tomato atatu m'manja osamufunsa.

"Mwananga, kodi mbalameyo ilibe mapiko?"

"Ili nawo, mayi."

"Ndiye ikudikira chiyani? Ife tikukhala kuno chifukwa tilibe."

Lachinayi kukucha Lufeyo analowa m'madzi mpaka m'chiuno, atanyamula zibuma m'malaya. Elube sanaponyerepo mbalame ngakhale kamwala, ndipo dzanja la Lufeyo linkalemera ngati la munthu wina. Anaponya. A Jailosi anauluka, nazungulira dambo kamodzi, n'kudzatera pa kachulu pomwepo. Anaponyanso, akuwauza kuti adzipita, kuseri kwa mapiri kuli madambo a mafumu ena, mwina ogontha. Kachitatu chibuma chinawamenya phiko. Anazungulira motsika, movutikira, n'kubwerera kudzaima pamene panagwera mayi a kunyumba, akumuyang'ana Lufeyo ndi diso limodzi. Lufeyo anakhuthulira zibuma zotsalazo m'madzi, nawapepesa.

Masana kunabwera a Gwedeza, akumwetulira mwaukali. Anati boma layesa nyimbo, layesa nthabwala, layesa banja, nanga chatsala n'chiyani? Mbalame zina zonse zathawa, ndipo mawa Amfumu sangajambulidwe ndi matope. Lufeyo anali atatopa moti analibe mphamvu zonamira. Anangonena zimene mlongo wake anamuphunzitsa tsiku loyamba m'kachisakasa, atamutsina pantchafu kuti asiye kuimba mluzu. Mbalame siitanidwa. Munthu amafika dzuwa lisanatuluke, atavala zakuda kapena zofiirira, osati zowala. Amavula chipewa. Amakhala pansi penipeni, osati pampando. Amaweramitsa mutu, chifukwa mbalame imaopa maso. Ndipo amatseka pakamwa mpaka dambo liiwale kuti alipo.

"Ngakhale Amfumu?"

"Mbalame siziwadziwa, bwana."

A Gwedeza analemba zonse kupatula yankho lomalizali. Anafunsa za magalimoto, Lufeyo n'kunena kuti ayenera kuyenda pang'onopang'ono, popanda hutala kapena wenzulo wa wapolisi. A Gwedeza anaganiza nthawi yaitali mmene angachepetsere liwiro la mdipiti popanda phokoso, kenaka nkhope yawo inawala kuposa masiku onse. Anati apeza njira yamakono imene dziko lina lililonse silinaiganizepo: adzayala nthambi zaziwisi mopingasa msewu.

Wayilesi inalengeza dongosolo lonselo ngati lamulo, n'kuitana nzika zonse kudzaonerera tsekwe akulapa. Kumsika anthu anamvetsera mpaka kumapeto osayang'anana. A Nangondo anapempha wometa kuti awabwerezere: zakuda, pansi, chipewa m'manja, nthambi pamsewu. Atawabwerezera, anayamba kulongedza tomato wawo n'kunena kuti mwambo wamakonowu akuona ngati anaupitako.

Lufeyo sanaganizepo zimenezo. Ankangoganiza za phiko lija ndi mpeni wa Loweruka.

Lachisanu anthu anayamba kufika nkhungu ikadali pamadzi. Apanjinga ataona nthambi pamsewu anatsika okha, asanakumbuke chifukwa chake. Amuna anavula zipewa. Amayi anamanga maduku n'kukokera zitenje m'mapewa, ndipo pofika m'mphepete mwa dambo anakakhala mbali yawo, amuna mbali yawo, popanda wowauza. Magalimoto a Amfumu anafika akukwawa ngati anyamula bokosi.

Amfumu anatsika atavala jekete yakuda yobwereka kwa dalaivala, chifukwa zovala zawo zonse zinali zonyezimira. Anavula chipewa, dziko n'kuona koyamba kuti mwini wake ali ndi dazi. Anakhala pamphasa, mawondo akulira, nduna zonse n'kukhala kumbuyo kwawo zitaweramitsa mitu. Kenaka kunachitika chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'zaka khumi ndi ziwiri. Boma linakhala chete.

Dambo linadikira kaye kuti lione ngati n'zoona. Anayamba kubwera akakowa, mmodzimmodzi, oyera ngati mapepala osalembapo. Kenaka timbalame ta zala zitalizitali timene timayenda pamwamba pa masamba a kakombo. Nantchengwa anatera pafupi ndi nsapato ya woweruza wamkulu n'kuyamba kufufuza achule. Avuwo anatsetsereka pamadzi ali pamzere, mosafulumira, ngati akuluampingo. Lufeyo, ali cha kumbali m'kachisakasa, diso lili pa kamera, anali asanaonepo dambo litadzaza chotere chimwalirireni Elube. Anatembenuka kuti amuuze, n'kukumbuka.

Dzuwa litangosuzumira, a Jailosi anakwera pa kachulu, phiko limodzi litagwa pang'ono. Anakweza khosi, naitana.

Palibe anasuntha. Anaitananso. Kumbali ya amayi kunamveka kusisima kwapansipansi, ngati njuchi m'mphako. Anali a Nangondo. Anatchula dzina la mwamuna wawo, kenaka la mwana wawo, modekha, ngati akuwaitana kuti alowe m'nyumba mvula ikubwera. Mayi wa pambali pawo anatchula lake. Zinayenda choncho mzere ndi mzere, n'kuwolokera kwa amuna, mayina a zaka khumi ndi ziwiri amene anaikidwa mothamanga, choimirira. Sanabume mokweza, poopa kuthamangitsa mbalame, ndipo mbalame sizinathawe. Oona mano aja anali pomwepo, koma malaya awo achikasu anali atawasiya kunyumba potsatira lamulo ladzulo, ndipo atawavula anapezeka kuti nawonso anali ana a anthu. A Gwedeza ankamwetulirabe, popeza nkhope yawo sinkadziwanso njira ina, koma misozi inkatsata mizere ya kumwetulirako n'kumagwera pa tayi, milomo ikutchula dzina la mwana amene palibe ankadziwa kuti anali naye.

Lufeyo anamva bango likusuntha. A Nangondo anali atayenda chokwawa kuchokera kwa amayi. Anagwada pakhomo pa kachisakasa, namugwira dzanja lamanzere ndi manja awo onse awiri.

"Pepani, a Nsanjama. Tinamva za Elube. Tachedwa kubwera."

Miyezi isanu ndi itatu palibe anali atamuuza mawu amenewo. Mbali ya kumanzere ya nkhope yake inayesa kukwera monga mwa masiku onse, inanjenjemera, n'kugwa. Analira mmene amalirira tsekwe, mosakoma, ndipo thupi likugwedezeka choncho chala cha kumanja chinadina batani.

Chithunzicho chinaoneka bwino kuposa zonse zimene anajambulapo. Kutsogolo kunali Amfumu Mlekeni Achiwiri atakhala pansi, chibwano chili pachifuwa, chipewa cha nthenga zitatu chili pamwendo. Ena amati ankasinza, ena amati ankakumbuka mayi awo, chithunzi sichinena. Kumbuyo kwawo kunali nduna, ndi namtindi wa anthu nkhope zitanyowa, ndi nthambi pamsewu, ndipo cha kumapeto, pa kachulu, tsekwe atayasamula mlomo kuloza kumwamba.

Loweruka bwalo la nduna linachiyang'ana chithunzicho kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, wophika akudikira panja ndi mpeni. Aliyense ankaona chimene chinali, ndipo aliyense ankadikira mnzake kuti ayambe. Ngati awa anali maliro, ndiye kuti onse okhalapo anayenera kupita ku Sukulu ya Kuseka, kuyambira amene anakhala pamphasa kutsogolo. Mphunzitsi wamkulu anayamba kutuluka thukuta poganiza za desiki.

Woweruza wamkulu ndi amene anapulumutsa dziko. Anati Amfumu sangakhale pa maliro oletsedwa, choncho pamene akhala Amfumu si pa maliro. Uku kunali kuonera mbalame, mwambo wamakono umene Mwini dziko auyambitsa okha. Zonyowa za kumaso ndi mame a kudambo. Ndipo tsekweyo, aliyense wa maso angaone kuti wapitirira pa kumwetulira, akuseka chikhakhali. Nduna zinaomba m'manja mpaka kutupa. Amfumu, amene sanayankhule zambiri tsiku limenelo, anafunsa ngati wophika angapeze nkhuku. Anavomerezanso kuti nzika zizionera mbalame paliponse, masiku onse amene zingafune, kuti alendo adziwe kuti dziko lino ndi lotukuka.

Chithunzicho anachipachika pabwalo la ndege, m'masukulu, ndi ku chipatala cha Pepani, kumene mankhwala akadali m'njira. Mayi Elube Nsanjama analandira mendulo ya wojambula wa chaka, ndipo kalata yake inawafunira moyo wautali.

Masiku ano ukamayenda m'Zilibwino umapeza nthambi pamsewu, ndipo ukafunsa amakuuza kuti kwa a uje kuli mbalame, lero ndi tsiku lachisanu. Alendo a makamera amatsika m'galimoto monyang'ama, n'kupeza mudzi wonse utakhala pansi, mitu itawerama, pabwalo pamene pali nkhuku ziwiri zokha. Amalemba m'mabuku awo kuti sanaonepo mtundu wa anthu wokonda mbalame chotere. A Nangondo amawagulitsa tomato n'kuwauza kuti adzabwerenso nthawi ya dzinja, udzudzu ukachuluka, ndi pamene mbalame zimakhala pakhomo lililonse.

Koma Lamlungu lija, tsiku lotsatira chigamulo, Lufeyo anapita kwa wometa wa pamsika n'kumetetsa mpala, monga amachitira anamfedwa maliro akatha. Lolemba m'bandakucha anali m'kachisakasa, mutu ukumva mphepo. A Jailosi anakwera pa kachulu, phiko litayamba kubwerera m'malo mwake, n'kuitana monga mwa nthawi zonse, pakuti palibe anawauza kuti bwalo linapeza kuti akuseka. Lufeyo anatsegula kope pa tsamba lomaliza limene Elube analemba, nasiya mzere umodzi, n'kulemba m'munsi mwake:

"5:45, a Jailosi alira. Tawathandiza."